Nambala za TB zagwanso Q1, ndi nyengo kapena ndi ifeyo?

Focal wa TB:
Mwaswera bwanji akuluakulu, ndine woyang'anira za TB pachipatala chathu. Ndili ndi nkhani ya lipoti yomwe yandisowetsa tulo ndipo ndikufuna nzeru zanu ndisanakaonekere kwa a supavaiza. Q1 ya chaka chino, Januwale mpaka Malichi, talembetsa odwala TB 28 okha, pomwe chaka chatha Q3, Julayi mpaka Sepitembala, tinali ndi 46 ndipo Q4, Okutobala mpaka Disembala, tinali ndi 41. Tageti yathu ndi 45 pa kota, anangotenga 180 ya pachaka n'kuigawa panayi basi. Nde andifunsa kuti mwagona bwanji kumeneko, ine ndikuti ayi sitinagone, OPD, komwe timaonera odwala osagonekedwa, imadzaza mpaka ena kukhala pakhonde, mankhwala alipo, makina oyezera TB a GeneXpert komwe timatumiza masampo sanafe. Ndinayesa kunena kuti mwina ndi nyengo koma anandidula pakamwa ati TB si malungo, ilibe nyengo. Kodi ndi zoona zimenezi? Ndipo ngati nyengoyo ilipodi ndingaionetse bwanji papepala, poti zapakamwa savomera.

Wa Deta:
Achemwali musanapite patali, vuto loyamba lili pa kuyerekeza komweko. Q1 sitiyerekeza ndi Q3 kapena Q4, timaiyerekeza ndi Q1 inzake ya zaka zam'mbuyo. Tsegulani DHIS2, momwe timalowetsa malipoti pa kompyuta, kapena rejisitala yeniyeniyo mutipatse ma Q1 a zaka zitatu zapitazi, komanso makota onse anayi a chaka chatha. Tikaona zimenezo nde tiyankhula.

Focal wa TB:
Ma Q1 ndi awa, chaka chatha 31, chinacho 27, chinachonso 33. Chaka chatha chonse chinayenda chonchi 31, 38, 46, 41.

Wa Deta:
Mwaona tsono? Inu Q1 simunafikepo 45 ngakhale kamodzi, nde chaka chino palibe chachilendo, mwangobwerera pomwe mumakhala miyezi ngati ino. Pangani chonchi. Avereji ya ma Q1 atatuwo ndi 30, avereji ya kota wamba chaka chatha ndi 39 poti zonse zinakwana 156, mukagawa 30 ndi 39 mupeza 0.77 kapena chapompo, kutanthauza kuti Q1 yanu imabweretsa pafupifupi magawo atatu mwa anayi a kota wamba. Tengani 45 ija muchulukitse ndi 0.77, mupeza pafupifupi 35. Imeneyo ndiye tageti yachilungamo ya Q1, zotsalazo zisamukira ku Q3 ndi Q4 komwe tageti ikwere kupitirira 45, 180 ya pachaka isasinthe, nde palibe anganene kuti mukuthawa ntchito. Zikanakoma kwambiri mukanatenga makota onse a zaka zisanu osati chaka chimodzi chokha powerengera kota wamba, koma poyambira ndi pomwepa.

China chomwe anthu amaiwala, nambala zing'onozing'ono zimavina zokha. Pamalo pomwe pamapezeka odwala 30 pa kota, kukwera kapena kutsika ndi 10 kungachitike popanda chifukwa chilichonse, njira yachidule yodziwira ndi kutenga sikweya ruti ya nambalayo n'kuchulukitsa kawiri. Nde 28 ndi 31 musazitenge ngati kugwa. Chomwe chili umboni ndi chakuti Q1 yakhala pansi zaka zinayi zotsatizana, mwayi subwereza chonchi. Koma ine sindikusiyani mupite ndi mawu oti nyengo okha, tifufuze kuti nyengoyo ikulowera pati.

Madala a CO:
Mayi focal, a supavaiza anuwo muwauze mwaulemu kuti nkhaniyi anthu anaiunika kalekale. Ku India anatenga malipoti a pulogalamu yawo ya TB, zotsatira zinatuluka mu 2004, anapeza kuti odwala amachuluka Epulo mpaka Juni n'kutsika kwambiri Okutobala mpaka Disembala, ndipo kusinthaku kunali kwakukulu kumpoto kwa dzikolo komwe kumazizira, chapakati ndi kummwera kunali kochepa kapena kunalibiretu, komanso kunaonekera kwambiri mwa ana. Ku America anaunika zaka za 1993 mpaka 2008, pamwamba panali cha m'Malichi, pansi cha m'Novembala. Ku Cape Town, komwe kuzizira kumabwera pakati pa chaka, kafukufuku wa 2011 anapeza malipoti ali otsika Epulo mpaka Juni n'kukwera Okutobala mpaka Disembala. Miyezi ikusiyana koma mukayang'anitsitsa nkhani ndi imodzi, nambala zimakwera kuzizira kutangotha kumene.

Zifukwa zomwe amatchula ndi zingapo ndipo mpaka lero samvana kuti chachikulu ndi chiti. Kukazizira anthu amatseka mawindo n'kuunjikana m'chipinda chimodzi, mpweya suyenda, wodwala mmodzi akatsokomola onse apuma zomwezo. Ena amati ndi dzuwa, vitamini D amatsika m'thupi. Ena amati ndi chimfine ndi matenda ena a m'chifuwa. Ena amati ayi, ndi nthawi yomwe anthu amapeza mpata wopita kuchipatala basi.

Koma chenjerani ndi ichi, chomwe timawerenga ife si tsiku lomwe munthu anapuma tizilombo ta TB, sinso tsiku lomwe anayamba kutsokomola, ndi tsiku lomwe tinamulemba m'buku. Kuchokera pa kutenga tizilombo kufika pa kudwala pamadutsa miyezi, mwa omwe amadwala ambiri amadwala m'zaka ziwiri zoyamba, ena patapita zaka zambiri, ndipo kuchokera pa chifuwa kufika pa benchi yanu pamadutsanso milungu kapena miyezi. Nde malungo mvula ikagwa mumawaona pompo, TB imafika mochedwa ndipo imafika itasakanikirana ndi zochita zathu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, musathamangire yankho limodzi.

Nesi wa OPD:
Kkkk madala mwatiphunzitsa ndithu koma ine ndiyankhule za pansi pano pomwe ndimaswera. Achemwali mwati OPD imadzaza, eya imadzaza, koma imadzaza ndi ndani? Ndi malungo. Miyezi yamvula mzere umakhala wa anthu otentha thupi okhaokha, CO (clinical officer, uja woona odwala) mmodzi anthu osawerengeka, aliyense mRDT yoyezera malungo, ikatuluka positive mankhwala a LA m'manja, wotsatira alowe. Mafunso anayi aja, chifuwa, kutentha thupi, kuonda, thukuta la usiku, safunsidwa nkomwe, ndipo mukatsegula rejisitala ya OPD mupeza kolamu ya TB yalembedwa N, kutanthauza ayi, kuyambira pamwamba mpaka pansi cholembera chimodzi dzanja limodzi, zoonekeratu kuti munthu anadzaza madzulo akufuna kuweruka. Sindikunyoza aliyense, ntchito imakhala itakula kuposa anthu. Koma munthu kupezeka ndi malungo sikutanthauza kuti alibe TB, ziwirizi zimakhalira limodzi bwinobwino, kutentha thupi kwa TB timakuphimba ndi LA, akabweranso patatha milungu iwiri timamupatsa amoxicillin, akabweranso kachitatu nde wina amati tamuyezeni makhololo, kota yatha kale.

Nthawi yozizira zinthu zimatembenuka. Chimfine chikabuka aliyense amabwera akutsokomola, chifuwa chimamveka pabenchi pomwe, CO safunika kukumbutsidwa, timabotolo timatha m'kabati. Ambiri ndi chimfine chabe koma pakati pawo pali aja akhala ndi TB mwakachetechete kuyambira Febuluwale, chimfine changowakokera kwa ife. Q3 yanu ya 46 ija ine ndikuti ina ndi ngongole ya Q1.

Wa Labu:
A Sister anena zoona. Ine ndiwonjezere za ku labu poti anthu amaganiza kuti makina akakhala kuti sanafe nde kuti zonse zili bwino. GeneXpert imafuna chipinda chosapitirira madigiri 30, makatiriji ake oyezera masampo amasungidwa pakati pa 2 ndi 28, nde miyezi yotentha AC ikafa ma error amachuluka ndipo timayeza ochepa patsiku. Miyezi yamvula vuto limasintha, limakhala magetsi. Akathima mayeso ali mkati UPS yosungira magetsi ili yotopa, katiriji yapita, ngati sampo sinatsale nayonso yapita, timalemba no result n'kupempha ina, koma wodwalayo ali kuti? Anabwerera kalekale ndipo foni yake siikupezeka. Pemphani labu yanu ikupatseni error, invalid ndi no result, kutanthauza mayeso olephereka, mwezi ndi mwezi, zonse pamodzi zisapitirire 5 pa 100.

Funsaninso ngati makatiriji sanathepo m'kotayi, chifukwa ambiri sauza anzawo, amangobwerera ku maikulosikopu mwakachetechete. Smear, kuyeza kwa pa maikulosikopuko, imafuna tizilombo 5,000 mpaka 10,000 mu mililita imodzi kuti tione kanthu, katiriji ya Xpert MTB/RIF imagwira pa 130 kapena chapompo, ya Ultra pansi pa 20. Mwezi womwe mwabwerera ku smear nambala igwa ndithu, makamaka kwa anzathu omwe ali ndi HIV omwe makhololo awo amakhala ndi tizilombo tochepa, nde wina n'kumati ndi nyengo pomwe ndi sitoko.

Focal wa TB:
Achimwene a labu ndifunseko pomwepo, njinga yamoto yotenga masampo inalephera kufika maulendo angapo chifukwa cha msewu, anzanga ena anataya masampo ati akhalitsa. Anachita bwino?

Wa Labu:
Ayi sanachite bwino koma siine wodabwa, ambiri anaphunzira za culture, kumeretsa tizilombo mu labu, n'kuziika pa zonse. Pa Xpert makhololo amapirira, masiku atatu kunja kwa furiji bola kutentha kusapitirire 35, mufuriji pa 2 mpaka 8 amafika masiku 10, chifukwa makinawa amafufuza DNA, tizilombo tikhale tamoyo kapena takufa amatipezabe. Culture ndi yomwe imaonongeka msanga poti tizilombo tina timamera n'kuphimba ta TB. Nde njinga ikalephera musataye, tsekani bwino, kulungani katatu monga mwa malamulo, ikani pozizira koma osati mufuriji ya katemera chonde. Zomwe timakana kwambiri nthawi yamvula ndi timabotolo totayikira ndi mafomu onyowa oti dzina silikuwerengeka, kapepala ka pulasitiki kokha kangapulumutse zimenezi. Malovu timayezabe koma mwayi wopeza umachepa, muziwaphunzitsa kutsokomola kuchokera pansi pa chifuwa, panja pomwe pali mphepo, mililita imodzi kapena kupitirira.

Mlangizi wa zaumoyo:
Mabwana inu mukukamba za anthu omwe afika pachipatala, ine ndikambe za omwe sanafike. Munthu amene amadalira munda sangausiye nthawi yobzala ndi yopalira chifukwa cha chifuwa. Malungo amamugwetsa tsiku limodzi abale n'kumunyamula, TB siichita choncho, imamudya pang'onopang'ono iye akugwirabe ntchito, amagula timankhwala ta chifuwa, amati ndikakolola ndipita. Ndalama yoyendera miyezi imeneyo imakhalanso yosowa, mitsinje yadzaza, nde amene amafika kwa inu Q1 ndi uja khasu lamukanika kale. Mavolontiya athu osonkhanitsa makhololo nawonso ndi alimi, musaganize kuti amakhala pamalo paja tsiku lonse kudikira.

Ndipo chinthu chimodzi chimatipweteka, mawu oti bwerani mawa ndi makhololo a m'mawa. Munthu wawoloka madzi kuti afike, mukumuuza abwerenso mawa? Sabwera. Pa Xpert sampo imodzi ndi yokwanira, itengeni pompo asanatuluke pageti.

Wa Deta:
Zonsezi ndi zomveka koma zikhala nkhambakamwa ngati sitiziona m'mabuku. Achemwali tengani rejisitala ya ma presumptive, aja timawakayikira kuti ali ndi TB, mutiuze pa Q3 yathayo ndi Q1 ino, olembedwa angati, oyezedwa mpaka zotsatira kutuluka angati, opezeka nayo ku labu angati. Muonenso OPD yonse inali bwanji.

Focal wa TB:
Ndawerenga pamanja tsamba ndi tsamba. Q3 ma presumptive 402, oyezedwa 381, opezeka nayo 35. Q1 ma presumptive 176, oyezedwa 131, opezeka nayo 22. Otsalawo kuti zikwane 46 ndi 28 ndi a X-ray, ana ndi a TB ya kunja kwa mapapo. OPD ya Q1 ndiyochuluka kuposa ya Q3, ndi patali.

Wa Deta:
Basi nkhani yatuluka. Taonani, anthu pa OPD achuluka koma ma presumptive atsika kupitirira theka, a Sister aja sananame. Kenako positivity, kutanthauza opezeka nayo mwa oyezedwa, Q3 inali 9 pa 100, Q1 yafika 17 pa 100. TB ikanakhala kuti yachepadi pakati pa anthu, positivity ikanatsika kapena kukhala pomwepo, siikanakwera chonchi. Kuyambira kale timati pa anthu 10 oyezedwa mmodzi azipezeka nayo, mukaona zikuyandikira awiri dziwani kuti mukuyeza okhawo odwalitsitsa omwe ngakhale mlonda wa pageti angawaloze, a chifuwa chongoyamba akudutsa. Izi zikugwirizananso ndi zomwe alangizi anena.

Chachiwiri chomwe chandiwawa ine, 176 kuchotsa 131 ndi anthu 45 omwe tinawakayikira tokha, tinawalemba m'buku, koma alibe zotsatira. Munthu mmodzi mwa anayi aliwonse. Q3 otere anali 21 mwa 402. Ngati 45 amenewa akufanana ndi anzawo omwe anayezedwa, muli odwala 7 kapena 8 mmenemo, muwaphatikize pa 28 muona mwafika pa 35 ija. Musazitenge ngati masamu a mkalasi, zangokumana, atha kukhala 4 atha kukhala 10, koma uthenga wake ndi woti mpata wanu suli kutali, uli m'buku lanu lomwelo ndi mayina ndi midzi yawo.

Muonenso masiku. Odwala amawerengedwa pa kota yomwe alembetsedwa, nde sampo yotengedwa kumapeto kwa Malichi zotsatira n'kubwera mu Epulo imadyedwa ndi Q2. Nthawi yomwe misewu ili bwino otere amakhala ochepa, nthawi yamvula amachuluka. Chimodzimodzi kumapeto kwa Disembala anthu akapita kutchuthi.

A supavaiza akakanabe muwakumbutse 2020. Dziko lonse lapansi odwala TB olembetsedwa anatsika kuchoka pa 7.1 miliyoni mu 2019 kufika pa 5.8 miliyoni mu 2020, palibe anaimba nthungululu kuti TB yachepa, aliyense anadziwa kuti COVID-19 yatseka njira zopezera odwala, ndipo imfa za TB zinakwera. Nyengo imachita zomwezo pang'ono pang'ono chaka chilichonse.

CO wachinyamata:
Ndalowa mochedwa koma ndawerenga zonse. Madala mwatchula vitamini D, ine ku Cape Town kuja ndimakumbukira kuti anapeza vitamini D ali wotsikitsitsa Julayi mpaka Sepitembala kenako TB n'kukwera miyezi itatu yotsatira, sizikuonetsa kuti chifukwa chake ndi chimenechi? Bwanji osangowapatsa ma contact, aja okhala ndi wodwala TB, vitamini D nyengo yozizira?

Madala a CO:
Mwakumbukira bwino achimwene, koma zinthu ziwiri kutsatizana sikuti china chabala chinzake, miyezi yomweyo ndi yomwenso anthu amatseka mawindo. Anayesa kale. Ku Ulaanbaatar ku Mongolia, komwe kumazizira koopsa ndipo ana ambiri vitamini D ndi wochepa, anatenga ana asukulu opitirira 8,800, theka kuwapatsa vitamini D sabata iliyonse kwa zaka zitatu, theka mankhwala ongoyerekeza, zotsatira zinatuluka mu 2020. Vitamini D anakwera m'magazi bwinobwino koma kutenga tizilombo ta TB sikunasiyane. Ndipo ku America kuja kusintha kwa nyengo sikunakule chifukwa chokhala kumpoto kosowa dzuwa, kunakula mwa ana aang'ono ndi mwa odwala omwe zikuoneka kuti anapatsirana posachedwa, zomwe zikuloza ku kupatsirana m'nyumba. Nde ma contact apatseni TPT, mankhwala oteteza ku TB, kaya 3HP kapena isoniazid malinga ndi gaidilaini yanu, zimenezo umboni ulipo. Ine maganizo anga, kumalo otentha komwe dzuwa silisowa, gawo lalikulu la nyengo yomwe timaiona m'malipoti ndi miyendo ya odwala ndi manja athu, osati tizilombo. Koma ena anditsutsa ndipo ali ndi ufulu.

CO wachinyamata:
Ine pang'ono ndikutsutsani madala, kuzizira kwa Juni ndi Julayi anthu amagonadi mothinana mawindo otseka, sizingakhale kuti palibe chomwe chimachitika. Koma za vitamini ndagonja.

Nesi wa ana:
Mukafuna kudziwa ngati kupatsirana kukusinthadi ndi nyengo yang'anani ana osakwana zaka zisanu, iwowa sasunga TB zaka ngati akuluakulu, omwe amadwala amadwala m'miyezi yochepa atatenga, nde mwana wa TB ndi chizindikiro choti m'nyumbamo muli wamkulu akutsokomola pano. Vuto nambala zawo pa health centre ndi zochepa zedi, awiri atatu pa kota, simungajambule nazo kanthu, pokhapokha mutaphatikiza boma lonse zaka zingapo.

Koma achemwali ndikupempheni chinthu china. Miyezi yomwe mukuti nambala zagwayi ndi yomwenso ana onyentchera amachuluka, ndipo mwana wonyentchera yemwe sakukwera sikelo ngakhale akulandira chithandizo cha zakudya ndi presumptive mpaka mutatsimikiza kuti si TB. Pitani ku rejisitala ya kunyentchera muone angati anafunsidwa za munthu wotsokomola kunyumba. Ndipo poti ana satulutsa makhololo, WHO inavomereza kuyeza chimbudzi pa Xpert, funsani a labu anu ngati anaphunzitsidwa, kusiyana n'kumangodikira X-ray yomwe ili kutali msewu utaduka.

Wa pulogalamu:
Ndakhala chete dala. Ine ndimakhala mbali inayo ya tebulo nde ndinene zomwe zimatiopsa. Mawu oti nyengo akangololedwa, chaka chamawa malo aliwonse omwe sanagwire ntchito adzabisala kumbuyo kwake, Q1 mvula, Q2 kukolola, Q3 kuzizira, Q4 kutentha, chaka chatha. Nchifukwa chake ena amangokaniratu. Komanso tisaiwale kuti WHO ikuti mu 2023 anthu pafupifupi 10.8 miliyoni anadwala TB koma olembetsedwa anali 8.2 miliyoni, osowawo ali m'madera mwathu momwemu, ndipo kafukufuku wa m'maiko ambiri akuonetsa kuti pafupifupi theka la omwe amapezeka ndi TB yotsimikizika poyeza anthu m'midzi sanena za chifuwa nkomwe. Nde ngakhale Q3 yanu yabwinoyo siikugwira onse.

Koma mayi mukabwera ndi zomwe a deta akupatsanizi ine ndingasaine. Chifukwa simukunena kuti TB inapita kutchuthi, mukunena kuti miyezi iyi ndimataya anthu apa ndi apa, ndipo ndichita izi. Tageti yosinthasintha pa kota sindikulonjezani, imachokera kumwamba, koma m'lipoti lanu lembani mizere iwiri, ya 45 ndi ya 35, ndipo pansi pake muike ma presumptive pa anthu 100 aliwonse a OPD mwezi ndi mwezi. Nambala imeneyo ndiyo ili m'manja mwanu, odwala opezeka sali m'manja mwanu.

Wa Deta:
Bwana mwanena mfundo. Ndiwonjezere kachinthu kamodzi, pambali pa makota muzionetsanso chiwerengero cha miyezi 12 yapitayi, kota iliyonse mukuchotsa yakale n'kuika yatsopano. Mmenemo mvula ndi kuzizira zonse zili mkati nde nyengo imazimiririka, chotsala ndi chilungamo chokha. Inu pano ndi 38, 46, 41 ndi 28, zikukwana 153, poyerekeza ndi 156, nde simunagwe koma simukukweranso, ndipo 180 ili patali. Pamenepo a supavaiza ali ndi mfundo yawo, muivomere.

Focal wa TB:
Zikomo kwambiri nonse, mutu wapepuka. Zomwe ndatola, ndilemba tebulo la ma Q1 anayi ndi mizere iwiri ija komanso ya miyezi 12, ndipempha ku labu ma error ndi masiku omwe makatiriji anatha, ndiwerenga masampo a kumapeto kwa Malichi omwe agwera mu Epulo. Pa ntchito yeniyeni ndikambirana ndi a incharge kuti tiike munthu mmodzi pamzere wa OPD m'mawa uliwonse wofunsa za chifuwa anthu asanalowe kwa CO, kaya volontiya kaya wothandiza odwala, otsokomola apatulidwe apereke makhololo pompo kenako apitirize za malungo awo, ndipo aliyense wobweranso kachiwiri ndi kutentha thupi atamaliza LA ayezedwe osafunsanso zambiri. Masampo sitidzatayanso. Funso lotsala, munthu wa pamzereyu tizimuika chaka chonse kapena miyezi ya malungo yokha poti anthu ndi ochepa?

Nesi wa OPD:
Mukatha chaka chonse, koma ngati anthu ndi ochepa yambani mwezi umodzi mvula isanayambe kuti azolowere, musadikire mzere utalike. Ndipo akhale ndi kabuku kake, asadalire kolamu ya mu rejisitala ya OPD ija, mukudziwa kale mmene imadzazidwira kkkk. Omwe ali ndi HIV chifuwa cha tsiku limodzi chomwe ndi chokwanira, musawadikiritse milungu iwiri.

Wa Labu:
Muwachenjezeretu a labu musanayambe, ma presumptive akachoka pa 176 kubwerera ku 400 makatiriji omwe anaitanitsa potengera kota yathayi sakwana, nde mudzakhala mwasuntha vuto kuchoka pa OPD kupita kwa ife. Oda ya miyezi yamvula izitengera kota yochuluka osati yapitayo, timabotolo chimodzimodzi. Ndipo positivity ikatsika kubwerera cha ku 10 musadandaule, nde kuti zikuyenda.

Madala a CO:
Anthu 45 opanda zotsatira aja musawasiyire lipoti, ayambe kufufuzidwa mawa. Yambani ndi omwe ali ndi HIV, odwalitsitsa kapena a CD4 yotsika muwayezenso TB ndi LAM ya mkodzo, imatuluka pa mphindi 25 ndipo siifuna njinga yamoto. Kenako omwe amakhala nyumba imodzi ndi wodwala TB, kenako ana, otsalawo pambuyo.

Focal wa TB:
Ndayamba kale kuwalemba malinga ndi midzi. Alangizi ndikutumizireni muno muone mmene ndasanjira?

Mlangizi wa zaumoyo:
Ayi mayi, mayina a odwala musaponye muno ngakhale chithunzi cha tsamba. Perekani pamanja kwa alangizi a dera lanu, aliyense atenge a midzi yake yokha, muwapatsiretu timabotolo ndi mafomu kuti akatenge makhololo komweko, ndipo mugwirizane tsiku lomwe njinga ikubwera kuti asatenge Lachisanu masampo n'kugona mpaka Lachiwiri.